Mwendo wa Sajeni Monique

Takondwa ndi Limbani, ana anga, mundikhululukire kuti ndalimba mtima kugwira cholembera. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8 kwathu ku Mchinji, ndipo kulemba kumene ndimakudziwa ndi kwa zilembo zikuluzikulu za pamakoma a magolosale. Mayi anu ndi amene andiumiriza. Akuti chipumireni ntchito ndimangozungulira m'nyumba ngati ndataya kanthu, ndiye kuli bwino ndilembe zimene ndinaona. Ndalemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti mudzandiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, koma kuwerenga kokha muvutike nako. Gawo lino ndi la nkhani imene simunaimve, chifukwa pamene inkachitika ndinapempha mayi anu kuti asakuuzeni.

South Bend, 2011

Ndinafika ku South Bend, kuno kutsidya kwa nyanja, mu Januwale 2011, kutsatira mayi anu amene anatsogola ndipo anali atayamba kale unamwino. Ndinali ndi zaka 52, koma mumtima ndinali ndikadali mnyamata wa kumudzi woopa kuyang'ana bwana m'maso. Miyezi itatu ndinangokhala pawindo. Kenako mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, ataona zithunzi za zikwangwani zimene ndinkalemba ku Mchinji, anandipititsa kwa mzungu wina dzina lake Walter, amene anali ndi kashopu m'galaja yakale kuseri kwa nyumba yake. Nditalowa ndinaima pakhomo, kukamwa yasa. Pamashelefu ponse panali asilikali, aliyense wamtali ngati chala changa chapakati, ena ataima, ena atagwada, ena akuthamanga ndi mfuti. Ndinayesa ndi zidole za ana. Ndinadabwa kumva kuti ogula ake ndi madoda a imvi, ena oyendera ndodo, amene amaziika m'makabati a magalasi n'kumakangana ngati batani la jekete lili pamalo pake.

A Walter sanafunse za satifiketi. Anandipatsa kamsilikali kamodzi ndi burashi ya tsitsi lowerengeka, nati ndijambule maso. Ndinajambula, ndipo maso aja anatuluka. Iwo anawayang'ana ndi galasi lokulitsa nthawi yaitali.

"Ubwere Lolemba, Wyson. Ndipo uleke kunditchula bwana. Dzina langa ndi Walter."

"Chabwino, bwana."

M'shopumo munalinso mayi wina wachikulire, a Irene, wa tsitsi lalifupi loyera ndi mawu okhuthala ngati a mwamuna. Iwo ndi amene ankaumba. Ankayamba ndi waya, kuupinda kuti ukhale ngati mafupa a munthu, kenako n'kumamata dongo lapadera logula m'sitolo mpaka munthu aoneke, ndi makwinya a malaya omwe. Kuchokera pa woyambayo a Walter ankapanga chikombole n'kuthiramo rezini, madzi onata ngati uchi amene akauma amalimba ngati pulasitiki. Mdani wa rezini ndi mpweya. Ukatsekeredwa m'chikombole, msilikali amatuluka wopanda chala, wopanda mphuno, nthawi zina wopanda phazi lonse. Galaja ija inalibe moto wokwanira, ndipo m'nyengo yozizira asilikali ambiri ankatuluka olumala. Ntchito yanga inali kubwezera zosowazo ndi dongo, kusalaza, kenako kupenta. Maburashi abwino ankachedwa kufika, mwakuti ndinkachita kumeta akale ndi lezala, ndipo kamodzi ndinapempha tsitsi la kumchira kwa galu wa a Irene. Sabata yoyamba msilikali aliyense wolumala ndinkakamuonetsa kwa a Walter, mpaka anatopa nane.

"Tamvera, Wyson. Ukaona chasowa, bwezera. Usamandifunse za chala chilichonse."

Mawu amenewo ndinawasunga ngati vesi loloweza.

Ndiyenera kukuuzaninso za chizolowezi chimene ndinabwera nacho kuchokera kwathu. Munthu wamkulu akalakwitsa sumuuza pamaso. Umakonza mwakachetechete iye atatembenuka, kuti ulemu wake usagwe. Tsiku lina ndinapeza kuti a Irene aumba dzanja la zala zisanu ndi chimodzi. Sindinanene kanthu. Ndinadula chala chowonjezeracho iwo atapita kukadya, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudziona kuti ndine munthu woleredwa bwino. Zotere ndinazichita kangapo pa zaka zimenezo.

South Bend, 2013

Chaka chimenechi mawailesi ankangokamba zoti boma la kuno lachotsa lamulo loletsa akazi kukhala kutsogolo kwa nkhondo. Ine ndinkamva ngati nkhani za kutali. Koma a Irene zinawalowa mumtima, ndipo anayamba kuumba akazi. Anayamba ndi a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse: anamwino, amakaniko ovala maovololo, ena oyendetsa ndege. Zinandidabwitsa, koma ndinapirira. Musaiwale kuti ine ndinakula nthawi imene kwathu mkazi sankaloledwa ngakhale kuvala thalauzi. Ndiye m'mawa wina ndinapeza patebulo langa mkazi wa masiku ano, chipewa chachitsulo kumutu, tsitsi atalimanga kumbuyo, chimfuti chachikulu atachikumbatira pachifuwa. Ndinamutembenuza uku ndi uku, kenako ndinadzikakamiza kufunsa.

"Mayi, pepani, uyu ndi namwino?"

"Namwino wonyamula mfuti ngati imeneyo unamuona kuti?"

"Ndiye kapena akunyamulira mnzake wamwamuna?"

A Irene anaseka mpaka kutsokomola. "Walter, bwera udzamve! Akuti akunyamulira mwamuna! Wyson, mfutiyo ndi yake. Amaombera nayo. Akazi akhala akufa kunkhondo kuyambira kalekale, kungoti opanga tiasilikali ngati bwana wakoyu sankafuna kuwaona."

"Sagulidwa amenewo," a Walter anayankha ali kuseri kwa shelefu.

"Sagulidwa chifukwa sunawapangepo, nkhalamba iwe."

Sindinadziwe chondizunguza kwambiri, mkazi wa mfutiyo kapena wantchito wotchula bwana wake nkhalamba. Ndinapenta mkazi uja mosamala kwambiri, ndipo pofuna kumukongoletsa ndinamupaka kufiira pang'ono pamilomo. A Irene anafufuta ndi chala chachikulu penti isanaume. Anati sakupita ku ukwati ameneyu, mupatse fumbi ndi thukuta ngati anzake aamuna. Madzulo ndinafotokozera mayi anu, ndikuyembekeza kuti adabwa nane limodzi. Iwo anangondiyang'ana cham'mbali.

"Bambo a Takondwa, kumudzi nkhuku ndinkapha ndine, inu mutathawira kuseri kwa nkhokwe. Lero mukudabwa mkazi wogwira mfuti?"

Akazi aja anagulidwa. Ankabwera amayi ena a imvi, n'kuima nthawi yaitali pashelefu, kenako n'kugula awiri kapena atatu. Ndinazolowera kuwapenta. Koma ndikavomere kuti dzanja lokha ndi limene linazolowera. Mumtima ndinkangoti mfutizo amangojambulitsa nazo, zoopsa zenizeni zimagwera amuna.

Lawrence, 2014 mpaka 2015

Mu 2014 a Walter anasamutsira shopu ku Lawrence, kumpoto chakum'mawa kwa Indianapolis, kumene kunali malo a asilikali kale ndipo opuma usilikali ndi ambiri. Zinangogwirizana kuti mayi anu nawonso anapeza ntchito pachipatala china cha m'tauni, ndiye tinasamukira ku Beech Grove, ine n'kuphunzira kuyendetsa galimoto ndi imvi kumutu. A Irene anakana kusamuka. Anati nyumba yawo, galu wawo ndi manda a amuna awo zili ku South Bend. Kuyambira pamenepo ankaumbira kwawo n'kumatumiza pa positi, atakulunga ndi thonje m'makatoni.

Mu Juni 2015 kunabwera ntchito imene a Walter anati ndi yaikulu kuposa zonse. Gulu lina la amayi opuma usilikali, limene linkakumana m'holo ina ku Lawrence komweko, linafuna tiziboliboli tisanu ndi titatu, tokulirapo, totalika ngati chikhatho. Kalikonse kanayenera kukhala munthu wamoyo wa m'gululo monga mmene alili. Panalibe za chikombole, kamodzi kamodzi basi. Amayiwo anapita okha kwa a Irene kukaonedwa. Ine ndinapatsidwa zithunzi za nkhope zokha ndi pepala la mitundu ya yunifolomu. Mu Ogasiti a Walter anakachitidwa opaleshoni ya maso, ndipo ndinatsala ndekha m'shopu masabata awiri.

Katoni itafika ndinamasula mmodzimmodzi. Asanu ndi mmodzi anali bwinobwino. Wachisanu ndi chiwiri anali mayi wakuda ngati ife, ataima chilili, dzanja m'chiuno, ndipo pamene anaimapo panalembedwa kuti Sajeni Monique. Mwendo wamanja unali ndi thalauzi ndi jombo. Wamanzere thalauzi linathera pabondo, ndipo kuchokera pamenepo kunangotsika kachitsulo kowonda mpaka pansi. Ndinati uyu ndi waya wa m'kati uja, mayi aja akalamba, aiwala kumaliza, kapena dongo lagumuka m'njira. Ndinafufuza m'thonje monse, zidutswa panalibe. Kunena zoona, pansi pa bondo panali kachinthu konga kapu, ndipo pakachitsulopo panali timabawuti. Ndinaziona. Koma m'mutu mwanga munalibe malo a mkazi wodulidwa mwendo kunkhondo, ndiye sindinazimvetse.

Foni inali pakhoma. Ndinainyamula kawiri, kawiri konse ndinaibweza. Ndikanayamba bwanji kuuza mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri kuti mwatumiza ntchito yosatha? A Walter anali kunyumba ndi bandeji m'maso, ndipo lamulo lawo ndinali nalo. Ndinatenga dongo. Masiku atatu ndinaumba mwendo uja pamwamba pa kachitsuloko: katumba, makwinya a thalauzi, jombo ndi zingwe zake zomwe. Sindinaumbepo chinthu chabwino ngati chimenecho, ndipo palibe akanadziwa pamene panathera dzanja la a Irene ndi pamene panayambira langa. A Walter atabwerera, atavala magalasi akuda, anayang'ana onse asanu ndi atatu atapentedwa nati, "Zokongola. Longedza."

Lawrence, 19 Seputembala 2015

Linali Loweruka masana. Ndinanyamula makatoni kulowa m'holo muja n'kuika tiziboliboli m'kabati ya magalasi. Pambali pake panali makadi awiri, lina lolembedwa dzina la a Irene monga woumba, lina langa monga wopenta. A Irene sanabwere chifukwa chiuno chinkawavuta pa ulendo wautali. Amayi aja analowa ndi phokoso, akuitanizana ndi maina a makolo ngati anyamata a pa sekondale, aliyense kuthamangira kukadzipeza. Wina ankadandaula kuti amunenepetsa, anzake n'kumuuza kuti amuchitira chifundo. Ine ndinaima pakona ndi katoni yopanda kanthu, ndikumwetulira.

Kenako chitseko chinatseguka, ndipo analowa mayi wamtali atavala kabudula. Nkhope ndinaidziwa msanga, popeza ndinakhala nayo pansi pa galasi lokulitsa masiku awiri. Maso anga anatsika. Pansi pa bondo lamanzere panali chinthu chonga kapu, ndipo kuchokera pamenepo chitsulo chowonda, cha timabawuti, mpaka m'nsapato. Ana anga, ndinangotsamira khoma.

Anafika pakabati, nawerama, nayang'ana nthawi yaitali. Phokoso linayamba kuzilala.

"Ndani wandibwezera mwendo?"

"Ungolandira, Monique," mnzake wina anatero, "enafe sitipatsidwa zaulere."

Iye sanaseke. "Ndinakhala m'nyumba mwa mayi uja maola awiri. Ndinavula mwendowu n'kuuika m'manja mwake. Ndinamuuza kuti zaka zitatu ndinkaubisa m'thalauzi ngakhale kunja kukutentha, ndipo ndatopa. Anati wamva. Ndiye lero wandivekanso thalauzi. Wachita nane manyazi."

A Walter anafiira mpaka m'khosi. Anatuluka panja ndi foni, koma chitseko chinali chotsegula ndipo tonse tinamva. Anauza a Irene kuti akalamba, kuti awachititsa manyazi pamaso pa anthu, kuti asadzatumizenso kanthu kushopu kwawo. Sanawapatse mpata woyankha. Mtsogoleri wa gululo anatsegula kabati, nachotsa khadi la a Irene, nalitembenuza pansi patebulo. Langa analisiya. Potuluka, Sajeni Monique anaima pamaso panga.

"Inu ndinu wopenta? Nkhopeyo mwandijambula bwino, bambo. Musadandaule, vuto si lanu."

Ndipo ine, bambo wanu, ndinayankha kuti, "Zikomo, mayi."

Beech Grove, Okutobala 2015

Ndinakhala chete masabata atatu. A Walter sanandikayikire ngakhale pang'ono. Ankauza aliyense kuti Wyson sachita kanthu osauzidwa. A Irene akaimba foni kushopu, iwo ankangoyang'ana nambala n'kuisiya ilire. Nkhani inafalikira mwa ogula, ndipo ndinamva kuti anthu ena amene anapempha ntchito kwa a Irene abweza mawu awo. Dzina limene mayi aja analimanga zaka zambiri linkagumuka ine ndikupenta zipewa. Ndinkadziuza kuti ndikaulula ntchito itha, ndipo ndani angalembe munthu wa zaka 56 wodziwa kujambula maso a zidole? Inu nonse awiri munali ku koleji. Chakudya ndinkangochisiya m'mbale.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, mayi anu anakana kuliza galimoto. Anachotsa kiyi n'kuika m'chikwama.

"Sitichoka pano mpaka munene. Mwadwala? Kapena mwapeza mkazi wina?"

Ndinawauza zonse, ndikuyang'ana mawondo anga. Ndinamaliza ndi kunena kuti ndinkangofuna kusunga ulemu wa munthu wamkulu.

"Ulemu wake ndi umenewu? Mwabisa cholakwa chimene mayiyo sanalakwe, ndiye mwamusenzetsa chanu. Bambo a Takondwa, ine kuchipatala ndikalakwitsa mankhwala ndimaripota ndekha nthawi yomweyo, ndisanapume n'komwe."

"Nanga ntchito ikatha?"

"Mudzatsuka mbale kwinakwake, anzanu akutsuka. Mawa mukauze bwana wanu. Loweruka ku South Bend ndikuyendetsani ndine, chifukwa inu mukhoza kukhotera panjira."

Lolemba m'mawa ndinaima patsogolo pa tebulo la a Walter, chipewa m'manja, ndipo ndinanena. Anavula magalasi awo. Anandifunsa kawiri ngati ndikutanthauza kuti mwendo uja ndinaumba ndine, ndi jombo yomwe. Kenako anayang'ana foni ya pakhoma nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti sakuganiza za ine, akukumbukira mawu awo.

"Sindikudziwa ngati ndikuchotsa kapena ayi," anatero. "Irene sangandiyankhenso ine. Pita ukamuuze wekha."

Loweruka tinanyamuka ndi mayi anu, popeza kwathu munthu sapita yekha kukapepesa. A Irene anatitsegulira akuyendera ndodo, ndipo nditangolowa ndinagwada pakapeti.

"Dzuka, Wyson, ukuopseza galu wanga."

Ndinanena ndili chigwadire. Iwo anakhala pampando n'kumvetsera mpaka kumapeto.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "M'shopu muja ndani wina amagwira dongo? Ndikanatha kulembera amayi aja kalata. Koma ndinati ndidikire, ndione ngati mwana uja abwera yekha. Masabata anayi, Wyson. Foni inali pakhoma pompo. Bwanji sunandifunse?"

"Ndinkaopa kukuchititsani manyazi, mayi."

Anayang'ana mayi anu. "Mwamva? Ankaopa kundichititsa manyazi."

"Ndamva, mayi," anatero mayi anu. "Ndakhala naye zaka makumi atatu."

A Irene anaseka pang'ono, koma m'maso munali misozi. Anati andikhululukira, koma kwa a Walter sabwereranso, chifukwa munthu amene wagwira naye ntchito zaka zonsezo anayenera kufunsa asanatukwane. Ndinawapempha kuti akonze okha kachiboliboli kaja. Anakana.

"Wawononga ndiwe, ukakonze ndiwe. Koma usakagwire mpeni usanaone mwendo weniweniwo. Ukauyang'ane ndi maso ako, osati pansi monga umachitira."

Lawrence, Okutobala mpaka Novembala 2015

Sajeni Monique anavomera kukumana nane m'holo muja Lachiwiri masana. Nditamuuza, anagogoda tebulo ndi chala.

"Ndiye ndinanyoza mayi wosalakwa pamaso pa anthu, inu mutaima pomwepo?"

"Inde, mayi."

"Ndipo ndinakuyamikani."

"Inde, mayi."

"Munaganiza kuti chitsulocho n'chiyani?"

"Waya, mayi. Sindinkadziwa kuti mkazi angafike kumene kumaduka miyendo."

Anapumira m'mwamba, nakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Anandiuza kuti ntchito yake inali kukhala pamwamba pa galimoto yotsogolera, atagwira mfuti yaikulu, kuteteza magalimoto onyamula katundu. Tsiku lina bomba lokwiriridwa mumsewu linaphulika pansi pawo. Ananena ngati akufotokoza za ulendo wa kumsika. Woyendetsa galimotoyo, mtsikana mnzake, sanabwerere. Kenako anawerama, nakanikiza kabatani, navula mwendo uja n'kuuika pamiyendo panga. Maso anga anathawira kuzenera. Chibadwire sindinayang'anepo mwendo wa mkazi wa mwini, ngakhale wachitsulo.

"Bambo Wyson, muyang'ane. Mukapenta bwanji chimene simunachione?"

Ndinayang'ana. Unali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo kapu ija inali yofunda. Chitsulocho chinali chokandikakandika, penti itachoka chakumunsi. Pambali panali kachithunzi ka duwa komata, kofwifwa, kamene anati mwana wake wamkazi anamatapo. Ndinatulutsa pensulo n'kujambula chilichonse.

"Zokandikazo muikenso," anatero. "Ndi duwalo. Koma ndinene chilungamo, mwendo munandiumbira uja unali wokongola kuposa umene ndinataya. Wanga unali wa matewe."

Ndinatenga kachiboliboli kaja kubwerera nako kushopu. A Walter sanandiuze kuti ndachotsedwa, sanandiuzenso kuti ndakhululukidwa. Anangondisunthira nyali yawo yowala bwino. Ndinadula jombo ija ndi mpeni, kenako katumba, pang'onopang'ono, masiku anayi. Pansi pa dongo langa ntchito ya a Irene inalipo yonse, kapu, chitsulo, timabawuti, monga mmene ndinaionera pa mwendo weniweni. Tiwiri tokha tinathothoka, ndipo ndinatibwezera. Duwa lija ndinalijambula ndi burashi ya tsitsi litatu.

Gulu lija litakumananso, ndinapempha kulankhula. Chibadwire sindinaimepo pamaso pa anthu, ngakhale kutchalitchi ndimakana kupemphera mokweza. Chingerezi chinandithawa pakati, koma ndinafika kumapeto: kuti a Irene anaumba zoona, ndipo wobisa ndinali ine. Panalibe woomba m'manja. Mtsogoleri uja anandipatsa khadi la a Irene, ndipo ndinalibwezera m'kabati ndi dzanja langa. Sajeni Monique anawerama kuyang'ana kachiboliboli kake, kenako anatulutsa foni, naimbira ku South Bend, nakweza mawu kuti tonse timve. Anapepesa mosazungulira, monga msilikali.

"Mwendowo uli bwanji tsopano?" a Irene anafunsa.

"Palibe, mayi. Wauchotsa."

"Wachita bwino. Mumuuze kuti akadzaona chachilendo azifunsa."

Amayi aja anaseka mpaka ena kupukuta misozi. A Walter anali ataima kumbuyo, ndipo foni itawayandikira anatambasula dzanja, koma a Irene anali atadula kale. Sanatumizenso katoni kushopu kwathu. Anapitiriza kuumbira anthu ena, ndipo amene anabweza mawu awo aja anabwerera kwa iwo. Ife tinapitiriza ndi zikombole zakale mpaka a Walter anatseka shopu mu 2019, ine n'kupuma, koma mkazi watsopano sitinapangenso ngakhale mmodzi, chifukwa wowaumba tinali titamutaya. Dzina la mayi aja lokha ndi limene ndinatha kulibweza, ndipo linabwerera m'kabati muja Loweruka masana, pa 7 Novembala 2015.